Hering akundifera m'thanki tisanafike pokawedza

Wa ku Kingston: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito pa boti lonyamula makasitomala okawedza nsomba zotchedwa striped bass mumtsinje wa Hudson, ku New York ku America. M'mamawa timakola hering (nsomba ya nyambo) ndi sabiki (chingwe cha timbedza tambiri) pakamwa pa khwawa la Rondout Creek n'kuwaika m'thanki, koma pofika pomwe timaponya nangula theka amakhala atagadama kale. Otsalawo mphuno zili psuu, sakusambiranso mwamphamvu. Abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Mkulu wa ku Catskill: Thanki yanuyo ndi yozungulira kapena ya makona, achimwene?

Wa ku Kingston: Ya makona anayi. Ndi kula (bokosi losungiramo ayezi) yakale, tinangoiboola n'kulowetsamo paipi.

Mkulu wa ku Catskill: Basi, matenda ndi amenewo. Hering saima, amangozungulira. Akafika pakona amaunjikana, kumangogunditsa mphuno mpaka kusupuka. Pezani mgolo wapulasitiki, muudule, madzi azilowa cham'mbali kuti azizungulira pang'onopang'ono, osati ngati chigayo. Chachiwiri, musawagwire ndi manja. Mamba awo amasosoka msanga, ndipo mamba omwewo ndi amene amatseka pampu. Achotseni pa mbedza ndi kawaya, agwere okha m'madzi. Ndipo chepetsani dyera. Lamulo la New York limalola khumi pa munthu patsiku, koma khumi amoyo aposa makumi atatu ofooka.

Mayi wa ku Troy: Ndionjezepo pa mawu a akuluwa. Madzi azichokera mumtsinje nthawi zonse, osati omwewo kumangobwereza. Mu Meyi dzuwa likatentha, a m'thanki amafunda msanga ndipo mpweya umatha. Wakufa muzim'chotsa pompo.

Koma musamutaye! Muikeni pa ayezi, osam'viika m'madzi osungunuka, mum'dule zidutswa. Kuno kumunsi kwa damu la Troy, komwe mafunde a m'nyanja amathera, striped bass zazikulu zambiri ndazigwira ndi chidutswa chogona pansi, makamaka mutu. Madzi akakhala a matope mvula itagwa, nsomba imatsata fungo, sikuti imaona.

Wa ku Kingston: Zidutswa tinayesapo mayi. Zimadya ndithu, koma makasitomala akakoka, mbedza imabwera yokha.

Mayi wa ku Troy: Akukoka modzidzimutsa, eti? Kuyambira 2021 tikamawedza striped bass ndi nyambo timakakamizidwa kugwiritsa ntchito mbedza yozungulira yotchedwa circle hook, ndipo imeneyi sifuna kutsomphola. Nsomba ithawe nayo nyambo, chingwe chikungike chokha, kenako muzipukusa basi. Imakakola pakona pa kamwa. Ine kasitomala wojijirika ndimamuuza asiye ndodo m'chogwirira, manja m'thumba, mpaka iwerame. Onaninso kuti nsonga ya mbedza isabisike m'nyama.

Mkulu wa ku Catskill: Zoonadi. Komanso pa mitundu iwiri ya hering, alewife ndi amene amayamba kukwera mu Epulo, blueback amatsatira pambuyo madzi akafundirako, ndiye malo okolera nyambo amasintha. Musakakamire khwawa limodzi. Zili ngati mpasa wa mu Bua, aliyense ali ndi nthawi yake.

Wa ku Kingston: Mgolo ndaupeza, wa buluu, munali sopo wotsukira magalimoto. Ndiutsuke kangati?

Mkulu wa ku Catskill: Ayi, umenewo usiyeni. Funani momwe munali zakudya.