Ndithandizeni nzeru: za sayansi zoti ana apange n'kumaliza tsiku lomwelo

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimaphunzitsa kalasi yachitatu kufupi ndi Ulongwe, kuno ku Angonia. Pa 1 Juni, tsiku la ana, ndikufuna ana anga aonetse makolo awo zinthu zimene apanga ndi manja awo, osangoti kuvina ndi kuimba basi.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi chidede. Ndinachiviika m'madzi otentha, madziwo anafiira kuti psuu. Nditathiramo chidulo pang'ono, anada n'kuyamba kubiriwira. Nditafinyiramo ndimu, kufiira kunabwerera. Ndimu ali ndi asidi, pamene chidulo, monganso soda wophikira therere, chimathetsa mphamvu ya asidi. Koma zimenezi mwana wa zaka 8 ndingamufotokozere bwanji m'Chichewa chomveka, osamulemetsa ndi mawu a Chipwitikizi? Apa mpamene pandivuta kwenikweni.

Ndaganizanso zosefa madzi akuda m'botolo lodula pakati, loikamo nsalu, makala, mchenga ndi timiyala. Nkhawa yanga njakuti madziwo akayera, ana aziyesa akumwa, chikhalirecho tizilombo timakhalamobe.

Zoimika ndodo n'kumalemba chithunzithunzi chake ndazisiya kaye, chifukwa Juni kuno kumachita nkhungu m'mawa.

Ndiye amene munayesapo, ndi chiyani china chimene chingatheke pa maola awiri kapena atatu ndi mapesi, dongo, mawaya kapena zitsekerero za mabotolo? Chisafune magetsi, moto kapena lumo, chonde, anawa ndi aang'ono. Nanga mumawagawa angati pa gulu kuti atsikana nawonso agwireko, asamangoonerera?