Kamota kanga kakukana kukweza blind

Wa ku Yeoville:
Abale, ndithandizeni. Dzuwa la masana limasandutsa chipinda changa ng'anjo, ndiye ndimafuna blind ya pazenera izitsika yokha 2 koloko. Ndagula ESP32 (kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo), kamota ka 28BYJ-48 ndi ULN2003 (kabolodi koyendetsa kamotako), mnzanga wandipangira kagiya pa 3D printer kokokera tcheni chija cha mikanda. Kutsitsa kulibe vuto. Pokweza kamangolira "trrr", tcheni chili duu. Ndalakwitsa pati?

Wamagetsi wa ku Rosettenville:
Achimwene, kameneko ndi ka 5V, mphamvu n'zochepa. Tsegulani kachivundikiro kabuluu ka pa kamotako, mudule kanjira kopita ku waya wofiira kuti kakhale bipolar (magetsi aziyenda mbali zonse ziwiri m'makoyilo ake), m'malo mwa ULN2003 muike kabolodi ka A4988 ndi 12V. Koma muchepetse current pa kasikuluwu ka pa A4988. Ine ndinawotcha tiwiri, fungo lake nyumba yonse.

Bambo a mapasa:
Musaiwale za kuzima kwa magetsi. Akabwera, blind siidziwa pomwe inaima. Ikani maginito ndi reed switch (kaswitchi koyaka maginito akayandikira) pamwamba, izidziwa kuti yafika. Yanga inakoka usiku mpaka tcheni kuduka, mayi a kunyumba anangondiyang'ana osanena kanthu.

Wa ku Yeoville:
Zikomo akuluakulu. Vuto lina, eni nyumba akuti khoma ndisaboole. Tepi yomata mbali zonse ingagwire?