Ngati kuwerenga n'kwaulere, amalipira ndani?

Mlangizi wa ku Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, ndinayenda m'madimba a ku Makhanga ndi ku Bangula kulemba momwe alimi anabzaliranso chimanga ndi mbatata pa chinyezi chomwe madzi osefukira anasiya. Magazini ina ya kafukufuku ya kunja yavomera pepala langa, koma akuti ndilipire kuti aliyense aziliwerenga mwaulere pa intaneti. Ndalama yake, ngakhale nditagulitsa ng'ombe zitatu, siingakwane. Malipiro anga ndi a kwacha, yomwe inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Ndalamazi zimapita kuti?

Wa ku laibulale, Blantyre:
Pepani bambo. Zina zimapitadi ku ntchito: kukonza mawu, kusanja masamba, kusunga pepalalo pa intaneti zaka zambirimbiri. Akatswiri ounika mapepala nthawi zambiri salandira kanthu. Kale ankalipira ndi malaibulale, pano mtolowo asenzetsa wolemba. Zina n'phindu chabe la ofalitsa, magazini ya sayansi yotchedwa Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 pa pepala limodzi mu 2021. Musafulumire kutaya mtima, ofalitsa ambiri amakhululukira olemba a m'mayiko ngati Malawi. Alembereni kalata yopempha.

Namwino wa ku Nsanje:
Kukhululukirako n'kwabwino, koma tizipempha mpaka liti? Ine ndimawerenga Malawi Medical Journal pa foni usiku ndili pa ntchito, osalipira, ndipo zolembedwamo ndi malungo ndi kolera zomwe ndimaziona mu wodi. Pa tsamba la pa intaneti la AJOL (African Journals Online) palinso magazini ambiri a muno mu Africa. Ku Brazil SciELO, nkhokwe ya pa intaneti ya magazini owerenga mwaulere, inakula chifukwa mabungwe a boma othandiza kafukufuku anaikamo ndalama. Ifenso mayunivesite athu aziika magazini mu bajeti chaka ndi chaka monga amaikira magetsi ndi madzi. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi magazini yodalira mphunzitsi mmodzi amene amaikonza ataweruka. Thandizo la kunja likatha kapena iye akadwala, imangozima.

Mlangizi wa ku Ngabu:
Zikomo amayi, mwandikhudza. Agogo ena a ku Makhanga anandionetsa pomwe matope atsopano amasunga chinyezi mpaka Okutobala, ndipo ndikufuna alangizi anzanga a ku East Bank awerenge zimenezi mvula isanagwe. Kalata yopemphayo ndilemba mawa. Akakana, ndilichotsa pepalalo n'kufufuza pa AJOL magazini ya zaulimi.