Tikiti ya ku PNC Park: ndigule kapena ndingoona ziboliboli panja?

Mlendo: Abale, ndili ku Pittsburgh, ku America, kwa sabata imodzi. Mphwanga wandiumirira kuti tikaonere Pirates, timu ya baseball, pa bwalo lawo la PNC Park. Koma ine baseball sindiitola ngakhale pang'ono. Ndigule tikiti, kapena n'kutaya ndalama?

Mayi wa awiri: Musagule achimwene. Zokoma za pamenepo zili panja, zaulere. Ziboliboli zinayi zija za osewera akale a Pirates, Honus Wagner, Roberto Clemente, Willie Stargell ndi Bill Mazeroski, mumazizungulira, kujambulitsa, basi kubwerera. M'katimo mukakhala maola awiri ndi theka kuonerera anthu atangoima.

Mkulu wa ku Ohio: Ayi achemwali, pamenepo ndakana. Chiboliboli cha Clemente chija, munthu wosadziwa nkhani yake amangoti ndi chitsulo. Bambo uja anali wa ku Puerto Rico, anamenya ma hit (kumenya mpira n'kufika pa base osatulutsidwa) 3,000 ndendende, kenako anafa pa ngozi ya ndege pa 31 Disembala 1972 akupititsa thandizo kwa anthu a ku Nicaragua chivomezi chitawagwera. Ankavala nambala 21. Ndiye khoma la mbali imene ankasewerayo analimanga lotalika mafiti 21 dala, pomukumbukira. Khomalo mungalione bwanji muli pamsewu?

Mayi wa awiri: Ndiye munthu alipire kuti akaone khoma?

Mkulu wa ku Ohio: Si khoma lokha iai. Mukakhala m'mwamba kumbuyo kwa womenya mpira, mzinda wonse uli pamaso panu, mtsinje wa Allegheny, ndi mlatho wachikasu wa Clemente. Tsiku la masewera mlathowo amautseka kwa magalimoto, anthu amawoloka wapansi chigulu. Madzulo magetsi akayaka ndiye musanene.

Wa Bullets mpaka kale: Ine ndinapitako kamodzi. Kunena zoona tulo tinandipeza. Palibe ng'oma, palibe kuvina, anthu ali phee ndi zakudya m'manja. Koma mphwanu akakufotokozerani za Mazeroski, mmene anathetsera World Series (fainolo ya baseball) ya 1960 pomenya mpira umodzi wokha timu ya Yankees n'kugwa, mudzamvetsa chifukwa chake chiboliboli chake chikuthamanga chipewa chili m'manja.

Mlendo: Chabwino, ndigula ya m'mwamba yotchipayo. Tikafika msanga, tiyambire kwa Clemente.

Wa Bullets mpaka kale: Koma mudyeretu nsima kunyumba. Mtengo wa soseji ya m'menemo mukauwerenga m'makwacha, njala imatha yokha.