Ka router kanga kangagwire pa wifi ya pa lodge ku Mfuwe?

wa_ku_Kapata:
Abale ndithandizeni. Pa holide ya 24 October tikupita ku Mfuwe ndi banja, masiku atatu pa lodge ina kufupi ndi geti ya South Luangwa. Andiuza kuti wifi ilipo koma vocha imodzi ni ya foni imodzi chabe, manje ife tili asanu, ine, amai a kunyumba, ana awiri ndi alamu anga, kuikapo laputopu ya nchito poti abwana anga sadziwa kuti holide nchiyani. Ndili ndi ka router ka TP-Link kangokhala mu kabati, ndingakanyamule kuti tonse tigwirepo? Kapena ndikaononga zinthu za eni ake?

zamawaya_Chipata:
Zitheka akulu, koma funsani kaye ngati mchipinda muli soketi ya kebo. Ikakhalapo kebo ilowe pa bowo la WAN, lija lili palokha la mtundu wina, osati pa aja a LAN. Mukasokoneza apa ka router kanu kayamba kugawa ma IP, ma adiresi a pa network, kwa alendo ena ngati ndiko mwini network, mafoni a anthu aonetsa kuti alumikizika koma palibe chitseguka. Ine anandiitana pa lodge ina ku Katete nthawi ya Kulamba, tinazungulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kukwera ndi mu siling'i momwe, kumapeto tinapeza ka router ka mlendo kuseli kwa TV kali phee kakuthwanima.

China, router ya pa lodge ikakhala pa adiresi ya 192.168.0.1 ndipo yanunso ni yomweyo zimalimbana, sinthani yanu muike ngati 192.168.5.1. Za vocha sizivuta, lumikizani foni ku router yanu, tsegulani browser, peji ya login ikabwera lowetsani kodi. Kwa a pa lodge kuoneka chida chimodzi poti aona MAC address, nambala yodziwira chida, ya router basi. Ngati kulibe kebo pafunika router yokhala ndi WISP mode, yokoka wifi nkuigawanso, ndipo si zonse zili nayo.

mayi_wa_pa_reception:
Zonsezo nzoona koma muuzeni manijala musanalumikize chilichonse. Ndinagwirako pa lodge kuchigwa kuja, malire a vocha sanaikidwe chifukwa cha nkhanza ayi, intaneti yomweyo ndiyo iyendetsa makina a khadi ndi ma booking. Ena anaika Starlink itafika mu 2023 koma si onse. Ndiponso router sionjezera sipidi, mpopi ni umodzi womwewo, mwangoikapo ndowa zisanu. Ana akayamba YouTube laputopu yanu izalira. Mukapempha bwino nthawi zambiri angokupatsani vocha ina.

mudala_wa_Lundazi:
Kkkk mwapita kukaona njovu kapena TikTok? Gulani bando pa Airtel kapena MTN muyatse hotspot, nkhani yatha. Mkati mwa paki musadalire network.

wa_ku_Kapata:
Zikomo nonse. Ndayang'ana mu ma setting, kanga kalibe WISP ndipo manijala akuti kebo ili mu ofesi chabe, ndiye kabwerera mu kabati. Avomera kutipatsa mavocha awiri, ina ya laputopu. A mudala, ana ndawauza za njovu, wamkulu wafunsa ngati pa game drive pali potchajira foni.