FRM ndilipire, kapena ndalamazi ndisungire masters?

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi digiri ya economics ndipo ndimagwira ntchito ku banki, mbali ya ngongole. Ndasonkhanitsa kangachepe, mtima ukuti ndilembetse FRM (Financial Risk Manager), satifiketi ya ukatswiri woyeza ndi kuwongolera risk pa zachuma, yomwe amapereka a bungwe la GARP. Koma ena akuti n'kutaya ndalama, bola ndipirire ndidzachite masters ya financial economics ku South Africa. Amene munadutsamo, pepalali n'loyeneradi ndalama zake?

Mkulu wa ku treasury: Achimwene, chomwe mukulipira ndi mpando wolembera mayeso, pepalalo mulikhetsera thukuta nokha. Part I ndi mafunso 100 m'maola 4, Part II mafunso 80 m'maola 4, ndiye asanakupatseni satifiketi amafuna umboni woti mwagwira ntchito yokhudza risk zaka ziwiri. Nthawi yomwe ndinkalembetsa ine, kulowa kokha kunali madola 400, mayeso a Part I madola 600 ukalipira msanga. Mphunzitsi palibe. Ndi inu, mabuku ndi tulo.

Achemwali a ku audit: Madola 1,000 amenewo muwapeza kuti? Sindikunena makwacha ake, ndikunena dola yeniyeniyo. Ine khadi langa linakana kulipira mayeso ena akunja, ku banki ankangoti forex kulibe, mpaka mtengo wotsika uja unandidutsa ndikuyang'ana. Yambani mwafunsa zimenezo musanalote zambiri.

Wokayika wa ku Limbe: Ine ndinene mosapsatira, zambiri za mmenemo si zakuno. Mtima wa maphunzirowa ndi VaR (Value at Risk), sikelo yoyezera ndalama zomwe mungaluze. Mukamva kuti VaR ya tsiku limodzi pa 99% ndi K50 miliyoni, akutanthauza kuti pa masiku 100 aliwonse muyembekezere tsiku limodzi loluza koposa K50 miliyoni. A JP Morgan anaifalitsa mu 1994 ndi njira yawo yowerengera risk yotchedwa RiskMetrics, ku misika komwe mitengo imasuntha mphindi iliyonse. Tsono bwerani nayo kuno. Kwacha imakhala duu miyezi yambiri pa mtengo wa ku banki, kenako mu November 2023 Reserve Bank ikulengeza kuti kwacha yagwetsedwa ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mukanatenga mitengo ya masiku 250 a m'mbuyo n'kuiponya mu Excel, nambala yotulukayo sikanayandikira n'komwe zimene zinachitika m'mawa mwake. Ndiye ndilipire madola kuti andiphunzitse sikelo imene imanama tsiku lomwe ndikuifunitsitsa?

Mkulu wa ku treasury: Aaa bwana, mwanena zoona koma mwaimira panjira. Zimene mwafotokozazo ndi zomwe amafunsa m'mayeso! VaR imakuuzani pomwe pali khomo la tsiku loipa, siikuuzani kuti kuseri kwa khomolo muluza zingati. N'chifukwa chake komiti ya ku Basel, yomwe imakonza malamulo oyendetsera mabanki padziko lonse, inasiya VaR ya 99% pa malamulo atsopano a market risk n'kutenga expected shortfall pa 97.5%, yomwe imawerengera avereji ya zoluza za masiku oipawo. Mumaphunziranso za LTCM, kampani ya ku America imene inagwa mu 1998 muli Robert Merton ndi Myron Scholes, anthu oti anali atangolandira Nobel mu 1997. Wowerenga zimenezi akaona mtengo wa dola wa ku banki ndi wa pamsewu zikutalikirana tsiku ndi tsiku, sadikira Excel. Amapanga stress test: kwacha ikagwa ndi theka, makasitomala athu okongola m'madola koma akugulitsa m'makwacha atsala angati oima?

Wokayika wa ku Limbe: Zimenezo ngakhale osintha ndalama pa depoti ankazidziwa, opanda FRM.

Mkulu wa ku treasury: Ankadziwa kuti igwa. Afunseni kuti capital ya banki itsala zingati ikagwa, muone.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Ndilowererepo za masters, poti palibe waiyankhulira. Ziwirizi sizipikisana kwenikweni. FRM imakupatsani nkhani zambiri koma iliyonse pang'ono chabe, mayankho ake ndi osankha A, B, C, D. Masters yabwino imakukhazikani pansi ndi econometrics, mumayendetsa nokha GARCH (njira yoyezera kusinthasintha kwa mitengo) pa data, n'kulemba thesis yoti wina aikhadzule. Ngati maso anu ali pa kafukufuku, ku Reserve Bank kapena kuphunzitsa, njira ndi imeneyo. Koma werengani bwino: fizi, nyumba ku Cape Town kapena Johannesburg, ndi malipiro a chaka chathunthu kapena ziwiri omwe mwawasiya. Popanda scholarship, ine sindingamuuze munthu wa pabanja kuti asiye ntchito.

Achemwali a ku audit: Komanso mwati muli ku ngongole eti? Nonse mwathamangira za kwacha, koma ntchito yambiri kuno ili pa credit risk. Chiyambireni lamulo la accounting la IFRS 9 mu 2018, banki iliyonse imayenera kuwerengeratu zomwe ingaluze pa ngongole munthu asanalephere n'komwe kubweza. Ife tikafika timafunsa kuti PD iyi (kuthekera koti wokongola alephere kubweza) mwaitenga kuti, LGD (gawo la ndalama lomwe banki ingaluze wokongola akalephera kubweza) ya ngongole ya alimi a fodya mwaiyika choncho chifukwa chiyani. Anthu oyankha osachita chibwibwi ndi ochepa. Part II ili ndi gawo lonse la zimenezi. Pamenepo ndiye ndingati ndalama yanu siipita m'madzi.

Wa ku Area 25: Nanga malipiro amakwera ukakhoza?

Mkulu wa ku treasury: Okha ayi. Kwathu anangondiyamikira pa imelo. Chinasintha n'choti atatsegula mpata ku risk, dzina langa linali m'gulu la oitanidwa. Musanatulutse yanu, kafunseni a HR ngati sabweza ndalama za mayeso munthu akakhoza. Muonenso komwe kuli malo olembera, chifukwa ngati n'kunja, tikiti ndi malo ogona zilowe mu bajeti.

Wokayika wa ku Limbe: Akalipira abwana, lembani. Ya m'thumba mwanu, ine ndikanagula ma Treasury bill.

Wa ku Area 25: Zikomo nonse. Lolemba ndiyamba ndi a HR, kenako ku forex. Akavomera ndilemba Part I yokha kaye, masters idikire scholarship. Kakyuleta ija amalola ndi iti?

Mkulu wa ku treasury: BA II Plus ya Texas Instruments, kapena HP 12C. Yanga ili m'dirowa, batire yokha ndiyo inatha. Musagule yatsopano, mudzaitenge Loweruka.