Za ulendo wa Tadala wa ku Maputo

Bambo a Tadala: Makolo ndi abale nonse, zotsatira za kuchipatala za mwana wathu Tadala zatuluka. Magazi amene amayi ake akhala akupeza pa thewera akuchokera ku chotupa cha khansa chimene chili m'njira ya chiberekero. Madokotala ku Tete akuti chotupachi chimayamba m'maselo amene amadzasanduka mazira mwana akakula, sichipezekapezeka, ndipo kawirikawiri chimagwira ana osakwana zaka 3. Atilembera kalata yopita nayo ku Hospital Central de Maputo.

Agogo aNaphiri: Mwana wa miyezi 10 yokha angapirire mpeni? Akamuchotsa chiberekero, tidzamuuza chiyani akadzakula?

Azakhali a ku Ulongwé: Amayi, pa unamwino wanga ndikudziwa kuti masiku ano mankhwala ndiwo amatsogola pofuna kusunga chiberekerocho. Amapereka cisplatin kapena carboplatin pamodzi ndi etoposide ndi bleomycin kudzera m'mitsempha, kubwereza pakatha milungu 3 iliyonse, ndipo chotupa cha mtundu umenewu chimamva mankhwala bwino. Adzayeza m'magazi chinthu chotchedwa AFP, chimene chotupacho chimatulutsa, ndipo AFP ikamatsika ndiye kuti mankhwala akugwira. Tsitsi lidzathothoka, musadzadabwe, koma chimene alamu ayenera kuchisamala kwambiri ndi kutentha thupi, pakuti nthawi imeneyo mwana sakhala ndi chitetezo chokwanira m'thupi ndipo sayenera kugona nako kunyumba ngakhale usiku umodzi. Apemphenso kuti makutu ndi impso ziziyezedwa, chifukwa cisplatin amatha kuziwononga.

Amalume a ku Moatize: Lilongwe ali pafupi tikadutsira pa Dedza, koma popeza kalata ndi zoyezedwa zonse zalunjika ku Maputo, tisasinthe njira n'kutaya masiku. Ine ndatumiza 6,000 meticais pa M-Pesa, ndipo Lachitatu Tadala ndi makolo ake agone kwathu kuno kuti basi ya m'bandakucha isawasiye.

Achimwene a ku Tsangano: Ndigulitsa matumba 10 a kachewere Loweruka. Munda wa bambo a Tadala tiupalira ine ndi anyamata, koma ana awiri otsalawo afunika munthu wamkulu pakhomo.

Agogo aNaphiri: Anawo abwere kwa ine mawa, pamodzi ndi makope awo a kusukulu. Mpongozi wanga asaiwale bulangete lija la mwana, basi imazizira usiku.